Kuzolowetsa chinkhwe chomwe mwalandira kwa ena kudya zakudya zakudimba

Mbalame yomwe yakhala zaka zambiri ikudya mpendadzuwa ndi mtedza wokha itha kufa ndi njala mbale yodzaza masamba ili pambali pake, chifukwa siidziwa kuti zomwe zili m'mbalemo zimadyedwa. Apa ndi pomwe anthu a mtima wabwino amaphera chinkhwe chomwe angochilandira kumene. Amaona kuti chakudya chakale sichabwino, n'kuchichotsa tsiku lomwelo, ndipo pakatha masiku ochepa mbalame yagona pansi pa khola.

Chinkhwe ndi mbalame ya mulomo wokhota ija imatsanzira mawu a anthu. Ambiri mwa ife sitinaganizepo zochiweta, koma chimafika pakhomo mosayembekezera: m'bale wa m'tauni wasamukira kunja, bwana yemwe tinkamugwirira ntchito wabwerera kwawo, kapena mwini wake watisiya. Chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira, chomwe ogulitsa amachitcha African grey, chimatha kukhala zaka 40 kapena kuposera apo chikasamalidwa bwino, motero nthawi zambiri chimadutsa m'manja mwa anthu angapo. Amene mulibe chinkhwe musaone ngati phunziroli lakupitirirani. Njira yosinthira chakudya pang'onopang'ono, kuyeza kulemera ndi kuyang'ana zitosi ndi yomweyo pa nkhunda, nkhanga ndi nkhuku zomwe timapatsirana pagulu.

Mawu ochepa pa za malamulo

Phunziroli likunena za mbalame yoweta kale yomwe yasowa woisamala. Silikulimbikitsa kutchera zinkhwe zakutchire kapena kutapa ana ake m'mphako. Kwathu kuno ziliko zinkhwe zachilengedwe, monga tizinkhwe ting'onoting'ono tobiriwira ta nkhope yofiirira tomwe timakhala m'nkhalango za tsanya ku Liwonde, ndipo kugwira nyama zotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu. Chinkhwe chotuwa kwawo ndi kunkhalango za ku Congo ndi maiko a kuzambwe kwa Africa. Chinatchereredwa kwambiri moti mu 2016, pa msonkhano wa pangano la CITES ku Johannesburg, maiko anagwirizana zoletsa malonda a pakati pa maiko a zinkhwe zotere zogwidwa kutchire. Mukalandira chinkhwe funsani mbiri yake ndi mapepala ake, ndipo dziwitsani a nthambi yoona za nyama zakutchire kuti akuuzeni ngati pakufunika chilolezo.

Vuto la mpendadzuwa ndi mtedza

Pafupifupi theka la njere ya mpendadzuwa yosenda ndi mafuta. Mtedza nawo uli chimodzimodzi. N'chifukwa chake timayenga mafuta ophikira kuchokera ku mbewu ziwirizi, ndipo n'chifukwa chakenso chinkhwe chimazikonda ngati momwe mwana amakondera mandazi. Chinkhwe chakutchire chimauluka mitunda italiitali kufuna chakudya ndipo mafutawo amatha m'thupi. Cha m'khola chimangokhala pa kamtengo tsiku lonse. Mafuta amaunjikana m'chiwindi, ndipo chizindikiro chake nthawi zina chimaonekera kutali ndi chiwindicho: mulomo ndi zikhadabo zimakula mopitirira, nthenga zimathimbirira, mbalame imapuma mwawefuwefu ikangokupiza mapiko pang'ono.

Kuonjezera apo, njerezi zilibe vitamini A wokwanira. Vitamini ameneyu ndi amene amasunga khungu lofewa la m'mphuno, m'kamwa ndi kummero kuti likhale lolimba. Akasowa, mbalame imayetsemula kawirikawiri, mphuno zimatsekeka ndi zouma, maso amatupa, ndipo m'kamwa mumatuluka timadontho toyera. Tizilombo toyambitsa matenda a m'mapapo timalowa mosavuta. Kashiamu nayenso ndi wochepa. Chinkhwe chotuwa ndicho chimavutika kwambiri ndi kusowa kwa kashiamu: chimanjenjemera, chimagwa pa kamtengo kake, mwina n'kumaphupha ngati chakomoka. Anthu ena akaona zimenezi amati mbalame yalodzedwa kapena yakalamba, pomwe vuto lili m'mbale.

Mtedza uli ndi vuto linanso lomwe ife alimi tikulidziwa bwino, ndilo chuku. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini, yemwe amaononga chiwindi ndipo satha ngakhale mtedza ukazingidwe. Poizoniyu anadziwika koyamba chifukwa cha mbalame. Mu 1960 nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi nsinjiro za mtedza wochokera ku Brazil. Tsono taganizani: tikamasankha mtedza wogulitsa, wonyala, woboola ndi wakuda uja umapita kuti? Kawirikawiri umathera kwa nkhuku, nkhunda ndi ana. Chinkhwe chisapatsidwe mtedza wotere ngakhale njere imodzi. Wabwino womwe, ukhale wosenda, wouma bwino, ndipo njere ziwiri kapena zitatu pa tsiku zakwana.

Masabata awiri oyamba: musasinthe chilichonse

Mbalame yomwe yasamuka ili ndi mantha. Nyumba ndi yachilendo, mawu ndi achilendo, munthu yemwe inamuzolowera sakuoneka. Mbalame yamantha imadya pang'ono, ndipo mukaisinthiranso chakudya itha kusiyiratu. Funsani mwini wakale zomwe inkadya, nthawi yake, ngakhale mbale yomwe inkadyeramo, ndipo pitirizani chimodzimodzi. Chokhacho chomwe muchotse tsiku lomwelo ndi chakudya chachuku ndi zina zapoizoni zomwe tazitchula kutsogoloku.

Ikani khola pamalo a phee, pamthunzi wodutsa mphepo, kutali ndi utsi wa kukhitchini, ndiponso kutali ndi nkhuku ndi nkhunda kwa masiku osachepera 30. Zinkhwe zimatha kutenga ndi kufalitsa chitopa. Zilinso ndi nthenda ina yomwe imapatsira anthu kudzera m'fumbi la zitosi zouma, ndipo imayamba ngati chimfine chachikulu ndi kutentha thupi. Wazani madzi musanasese m'khola, sambani m'manja ndi sopo, ndipo wina akadwala chifuwa pakhomo auzeni achipatala kuti muli ndi chinkhwe.

M'masabata awiriwa ntchito yanu ndi kuyeza ndi kulemba. Choyamba, dziwani kuchuluka kwa chomwe mbalameyo ikudyadi. Yezani njere ndi supuni m'mawa, madzulo uzirani makoko ndi kuyeza zotsala. Samalani apa: chinkhwe chimasenda njere n'kusiya makoko m'mbale momwemo, motero mbale itha kuoneka yodzaza pomwe muli makoko okhaokha.

Chachiwiri, yezani kulemera kwake m'mawa isanadye, pa sikelo yakukhitchini yowerenga magalamu. Iikeni m'kabokosi koboola, yezani zonse pamodzi, kenako chotserani kulemera kwa kabokosiko. Chinkhwe chotuwa chachikulu chimalemera magalamu apakati pa 400 ndi 550, pomwe tizinkhwe tating'ono timalemera magalamu 30 mpaka 60. Nambala yomwe mupeze m'masabata awiriwa ndiyo muyeso wanu. Pa nthawi yonse yosintha chakudya, mbalame isatsike kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kumeneku. Ngati inali magalamu 450, malire ake ndi 405. Ngati inali magalamu 40, kutsika ndi magalamu 4 okha ndi chenjezo kale. Ikafika pa malirewo, bwezerani chakudya chakale chonse, dikirani ibwerere m'thupi, ndipo mudzayambirenso modekha.

Pomwe palibe sikelo, papasani chidale monga timachitira pogula nkhuku. Fupa la pachidale likamamveka lakuthwa ngati mpeni, mbalame yaonda. Likamasowa pakati pa mnofu ndi mafuta, yanenepetsa. Nthenga zimabisa zambiri, ndipo mbalame imabisa kudwala mpaka itafooka kwenikweni, choncho kuyang'ana ndi maso okha sikokwanira. Ngati ikuoneka kale yodwala, yazyolika, yafufumitsa nthenga kapena ikupuma movutikira, kaonaneni ndi dotolo wa ziweto musanayambe kusintha chakudya.

Kayambidwe kake

Zinkhwe zimadya kwambiri kawiri, m'mawa ndi chakumadzulo, ndipo njala ya m'mawa ndiyo ingakuthandizeni. Kuyambira sabata yachitatu, chotsani mbale ya njere usiku mbalame ikagona. Kukacha ikani chakudya chatsopano m'mbale yomwe inaizolowera ija, mutawaza njere zochepa pamwamba. Pakatha ola limodzi kapena awiri bwezerani njere zake. Madzulo idye njere mokwanira kuti isagone ndi njala. Tizinkhwe tating'ono tisapitirire ola limodzi popanda chakudya chomwe timachidziwa, chifukwa matupi ake sasunga mphamvu.

Masiku oyamba idzangoyang'ana mbaleyo ndi diso limodzi, kapena kutaya zonse pansi. Kutaya kumeneko n'chiyambi chabwino, pakuti kuti itaye yagwira ndi mulomo, ndipo lilime lamva kukoma. Pitirizani kuika chakudya chomwecho masiku ambiri otsatizana. Mukaona ndi maso anu kuti ikumeza, ndipo zitosi zikuonetsa kusintha, yambani kuchepetsa njere pang'ono sabata iliyonse, mwachitsanzo theka la supuni yaing'ono. Mbalame ina imazolowera pa mwezi umodzi, ina imatenga miyezi isanu ndi umodzi, ndipo yokalamba itha kutha chaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali njira zingapo zoinyengerera, ndipo mbalame iliyonse ili ndi yake.

Yoyamba, yomwe imathandiza kwambiri, ndi kudya pamaso pake. Chinkhwe ndi mbalame ya pagulu, ndipo kutchire ana ake amaphunzira zodya poona akuluakulu. Khalani pafupi ndi khola nthawi ya kadzutsa, muzidya papaya kapena mbatata mosonyeza kukoma, osaipatsa msanga. Ikayamba kusuzumira, ipatseni kachidutswa kena komwe simunalumeko, chifukwa malovu a munthu ali ndi tizilombo tomwe titha kuidwalitsa.

Ina ndi kuduladula masamba, kaloti ndi dzungu tizidutswa tofanana ndi njere, n'kusakaniza ndi njere zonyowetsa pang'ono kuti zimatirire. Potola njere imalawanso zinazo. Mbalame zina zimakana zodulidwa koma zimakonda kung'amba tsamba lathunthu lonyowa lomangiriridwa pa waya wa khola, kapena chigamphu cha dowe choti zigwire ndi phazi. Zina zimafuna chakudya chofunda, monga mbatata yophika yofinya. Yesani ndi chala chanu kuti isatenthe.

Njira ina yabwino ndi kumeretsa njere, monga timachitira pokonza chimera. Mpendadzuwa womera umaonekabe ngati chakudya chomwe mbalame ikuchidziwa, koma ndi wofewa ndi wamadzi, motero umaikonzekeretsa kulandira zamasamba. Tsukani njere, ziviikeni usiku umodzi, khetsani madzi, ndipo muzitsukuluza kawiri kapena katatu pa tsiku mpaka kamuzu koyera kangotulukira. Mungachite chimodzimodzi ndi mawere ndi mphodza. Zikamveka fungo losasa, zikaterera kapena zikachita chuku, tayani zonse. Mapira omera musaipatse: mphukira zake zanthete zimakhala ndi poizoni wofanana ndi wa chinangwa chowawa, yemwenso amapha mbuzi ndi ng'ombe zikadya ziphukira za mapira. Mapira ouma kapena ophika alibe vuto. Nyemba nazo sizimeretsedwa, zimaphikidwa mpaka zitapsa.

Zoika m'mbale

Zambiri zili kale m'dimba ndi pakhomo pathu. Yambani ndi zofiira ndi zachikasu, popeza ndizo zimabweza vitamini A yemwe mbalameyo yakhala ikusowa: dzungu, kaloti, papaya, mango ndi mbatata yofiira mkati monga Kadyaubwerere, Chipika kapena Zondeni. Mbatata ndi dzungu ziphikidwe popanda mchere. Tsabola wakupsa, ngakhale wowawa chotani, mbalame siimva kuwawa kwake, ndipo zinkhwe zambiri zimayambira pa iye chifukwa cha tinjere take.

Masamba obiriwira kwambiri monga nkhwani, mpiru, repu, chisoso, luni, bonongwe ndi chammwamba amapereka vitamini A ndi kashiamu. Muzisinthasintha, osangodalira mtundu umodzi. Atsukeni bwino, ndipo musathyole pa bedi lomwe lapoperedwa mankhwala masiku ake odikira asanakwane. Thupi la magalamu 450 silingapirire mankhwala omwe munthu wamkulu sangawamve n'komwe. Therere, zitheba ndi nsawawa zaziwisi nazo ndi zabwino.

Pa zopatsa mphamvu ndi zomanga thupi, phikani mpunga, mawere, mapira kapena chimanga pamodzi ndi nandolo, khobwe, nzama kapena nyemba, popanda mafuta, mchere kapena anyezi. Kachidutswa ka dzira lophika kamodzi kapena kawiri pa sabata kamathandiza. Chikamba cha dzira chowiritsa, choumitsa ndi kusinja bwino chimaonjezera kashiamu mukawaza pang'ono pa chakudya. Kashiamuyo kuti alowe m'thupi pamafunika dzuwa, ndipo dzuwa lodutsa pa galasi la zenera silithandiza. Tulutsani khola panja m'mawa, mbali ina ili pamthunzi, inu muli pompo kuopa amphaka ndi akabawi.

Zipatso zotsekemera monga nthochi, magwafa ndi masuku zikhale zochepa. Mbalame ikazolowera nthochi imachita nazo monga inkachitira ndi mpendadzuwa.

Pomwe tikufuna kufika ndi apa: pafupifupi theka la mbale likhale masamba ndi zofiira zija, gawo lalikulu la theka linalo likhale zophika za mtundu wa chimanga ndi nyemba, zipatso pang'ono, ndipo mpendadzuwa, nthanga za maungu ndi mtedza zitsale zongonyengerera, zoperekedwa pamanja. M'masitolo ena a m'mizinda mumapezeka chakudya chopangiratu cha zinkhwe, choumbidwa timibulu, chomwe madotolo a ziweto amachilimbikitsa chifukwa mbalame siingasankhemo zokonda zake zokha. Amene angachipeze achilowetse mwa njira yomweyi ya pang'onopang'ono. Chakudya cha nkhuku zoikira mazira sichilowa m'malo mwake. Timiyala tomwe nkhuku ndi nkhunda zimatola, chinkhwe sichitifuna, chifukwa chimasenda njere chisanameze.

Chakudya chonyowa chimasasa msanga. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala chichotseni pakatha maola awiri kapena atatu, ndipo tsukani mbale ndi sopo tsiku lililonse. Madzi akumwa akhale oti inunso mungamwe, osinthidwa kawiri pa tsiku popeza zinkhwe zimakonda kuviika chakudya m'madzi.

Zosayenera kufika pa mulomo wake

Choyamba ndi peyala. Chipatso chake, khungu, njere ndi masamba omwe zili ndi poizoni yemwe amaononga mtima wa mbalame, ndipo itha kufa pasanathe masiku awiri. Poti mapeyala ali pakhomo paliponse ndipo ana amakonda kugawana ndi mbalame zomwe akudya, auzeni ana onse ndi alendo omwe. Musagwiritsenso nthambi ya mpeyala ngati pokhalira pake, chifukwa chinkhwe chimatafuna mtengo uliwonse womwe chakhalapo.

Zina ndi chokoleti, tiyi, khofi, zakumwa zozizilitsa kukhosi, mowa ndi masese, anyezi, adyo, nyemba zosapsa, chinangwa chachiwisi, masamba a tomato ndi a mbatatesi, ndi njere za apozi. Ndiwo zathu zothira mchere ndi mafuta, tchipisi ndi zokazinga zonse sizoyenera. Mkaka sugayika bwino m'mimba mwa mbalame. Kambamu kakang'ono ka nsima sikapha, koma sikaonjezeranso kanthu kupatula kukhutitsa.

Kuwerenga zitosi

Yalani nyuzipepala kapena pepala pansi pa khola ndipo muzisintha m'mawa uliwonse. Chitosi cha mbalame chili ndi magawo atatu: cholimba chobiriwira kapena chofiirira, choyera ngati laimu, ndi madzi. Mbalame ikayamba kudya masamba ndi zipatso, madzi amachuluka ndipo mtundu umatsatira chomwe yadya. Kaloti ndi papaya zimafiiritsa. Zimenezi zisakuopseni. Ndi umboni woti chakudya chatsopano chikumezedwa.

Choopsa ndi ichi: zitosi zachepa kwambiri, ndi zazing'ono, zakuda kapena zobiriwira modera, kapena mukungoona choyera ndi madzi popanda cholimba. Mbalame imeneyo sikudya. Bwezerani njere nthawi yomweyo, osadikira mawa. Gawo loyera lija likasanduka lachikasu kapena lobiriwira, kapena mukaona magazi, kapena njere zikutuluka zathunthu, pitani nayo kwa dotolo wa ziweto.

Ntchito ya pagulu

Gawanani m'timagulu ta anthu asanu. Gulu lililonse litenge pepala loyera, liphwanyirepo njere za mpendadzuwa pakona imodzi, mtedza pakona ina, chimanga pa ina ndi mawere pa yotsalayo. Pakatha mphindi khumi sansani ndi kuyang'ana pepalalo padzuwa. Ndi njere ziti zasiya banga lalikulu la mafuta? Zikukuuzani chiyani za mbalame yomwe siuluka?

Kenaka tsanulirani mbale imodzi ya mtedza pa lichero ndi kusankha monga mumachitira pokonzekera msika. Werengani njere zomwe mwazipatula, ndipo kambiranani moona mtima komwe njere zotere zimapita pakhomo panu.

Pomwe palibe chinkhwe, yeserani pa nkhuku ziwiri kapena nkhunda zomwe zafika kumene pagulu. Ziyezeni kulemera, zipatseni masamba odulidwa m'mawa wina ndi mtolo wa masamba wopachika m'mawa winawo, ndipo onani njira yomwe zayamba kudya msanga. M'kope la gulu lembani mizere isanu: tsiku, kulemera, chakudya chatsopano chomwe mwapereka, chomwe chadyedwa, ndi maonekedwe a zitosi. Wolemba akhale mmodzi sabata yonse kuti kayezedwe kasasiyane.

Pokumana sabata ya mawa bweretsani kopelo, sikelo ya gulu, ndi masamba kapena zipatso za mitundu itatu zomwe zikupezeka pakhomo panu mwezi uno. Tidzakonzera pamodzi ndandanda wa zomwe mbalame ingadye mwezi ndi mwezi, makamaka miyezi ya Ogasiti mpaka Novembala pomwe masamba amasowa kwa amene alibe dimba.